Ayi, a Gondwe, sindisaina

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Lozells kuno ku England, bambo Gondwe anandikokera pambali n'kundipatsa envulopu yonenepa. A Gondwe ndi mkulu wa mpingo. Kuno amasamalira okalamba ku Tipton, koma kwathu anagulitsa inshuwalansi ku Limbe zaka zambirimbiri. Ine ntchito ya inshuwalansiyi ndi imene ndimagwira pa kakampani kena ku Dudley, koma iwo chiphaso chake cha kuno alibe.

"Mayi, ma client ndakupezerani kale, sikisi," anatero. "Ma form ndapanga kale fill. Inu mungosaina basi."

Anali mafomu a inshuwalansi ya moyo, ija timadalira kuti tsoka likagwa thupi likwere ndege likagone kumudzi. Fomu ya pamwamba inali ya mayi Nkhoma a m'kwaya yathu. Pa mafunso a matenda paliponse panalembedwa kuti ayi. Shuga ayi. BP ayi.

Mayi Nkhoma omwe aja amakana zakumwa zotsekemera pa chinkhoswe chilichonse?

"Munawafunsa?" ndinatero.

"Munthu wamkulu ngati uja ndikamufunse za matenda? Si mwano umenewo? Ku Limbe tinkangolemba, zinkayenda."

Ndinawabwezera envulopu yawo. Pofika Lachiwiri, pa gulu lathu la pafoni ndinali nditasanduka mzungu, wamatama, wotsekereza anzanga mwayi.

Nenani, abale, pakamwa ndi panu. Koma sindisaina.

Kuno lamulo limati wogulitsa inshuwalansi aliyense aziphunzira maola osachepera khumi ndi asanu chaka chilichonse, ndipo umboni wake umasungidwa. Ndisaname, maphunzirowo amatopetsa. Ndimawerenga m'basi maso akulemera, ndipo chaka china ndinalakwa mayeso ake mpaka kubwereza, ine mayi wa imvi. Koma n'kumeneko kumene zinandilowa m'mutu kuti fomu ikabisa matenda, kampani ikhoza kukana kulipira. Munthu amapereka mwezi ndi mwezi, mtima uli m'malo, osadziwa kuti wasunga pepala lachabe. Amadzadziwa ndi ana ake, thupi lili kale kumochale.

Tsiku limenelo a Gondwe adzakhala kuti? Dzina lidzakhale pa fomu ndi langa. Ntchito idzathe ndi yanga. Ndipo ana a mayi Nkhoma adzayang'ana ine.

Ife a kwathu tili ndi kachizolowezi koipa. Munthu akati "ndinagwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri", tonse timangoti zii, ngati malamulo anaima tsiku limene iye anakwera ndege. Kodi namwino wa ku Dudley angalole mnzake kubaya odwala jakisoni pa chiphaso chake, chifukwa choti ankabaya ku Ntcheu? Nanga bwanji zikafika pa inshuwalansi mukuti ndi kusaina chabe?

Ndiye pali ulemu wathu uja. Munthu akubuula ndi ululu, ukamupatsa moni amati ali bwino, kaya inu. Pamoni n'zokoma. Pafomu n'zoopsa. Akulu anati safunsa anadya phula, koma apa wodya phulayo si amene waopa kufunsa. Ndi mayi wosalakwa amene anamukhulupirira.

A Gondwe sindidana nawo. Pakamwa pawo m'pokoma, ntchitoyi angaithe kuposa ine. Ndawauza kuti akafuna kulemba mayeso a kuno, mabuku ndiwabwereka. Sanayankhebe.

Lachinayi ndinakwera basi kupita kwa mayi Nkhoma ndi fomu yatsopano. Ndinapepesa kaye, manyazi ali tho, kenako ndinafunsa mafunso onse, limodzi limodzi. Anadzuka n'kubwera ndi jumbo yodzaza mabokosi a mankhwala.

"Bwanji a Gondwe sanandifunse?" anatero. "Mwana wanga, lemba zonse, ngakhale premium yolipira pamwezi ikwere. Ine chomwe ndikufuna n'kukagona pafupi ndi amuna anga ku Mchinji."

M'envulopu muja mwatsala mafomu asanu. Inu amene mukunditcha mzungu, mwafunsa kuti pa yanu panalembedwa chiyani?