Chibaluni cha Bambo ku Rugare

Fungo la parafini limandibwezera ku komboni ya Rugare, chilimwe chimene mvula inachedwa kubwera. Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Udzu wa m'mbali mwa njanji unali utauma gwa, ndipo bambo anali atangochotsedwa ntchito pafakitale ya zitsulo ku Workington.

Lamlungu lina masana tinaonera filimu kwa a Banda, oyandikana nafe nyumba. Inali ya anthu awiri akale amene anakwera m'dengu lomangirira ku chibaluni, kuti akayeze kuzizira kwa mlengalenga. Anapitirira mitambo mpaka zala zawo zinada, mpweya n'kuyamba kuwathera, koma mmodzi ankalembabe m'kabuku. Ife ana tinkakuwa. Bambo ankangoyang'anitsitsa, manja ali pamaondo.

Kuyambira pamenepo anasiya kufunafuna ntchito. Ankakhala kuseri kwa nyumba akumata mapulasitiki akuda, kupinda waya, kudula chitini choyatsiramo moto, kuti apange chibaluni chawochawo. Mayi ankayang'ana nyumba zothinana ndi tizisakasa tamatabwa ta anthu alendi.

"Bambo a Chisomo, motowu ukagwera padenga la munthu tidzalowera kuti? Kuno n'kudziko la eni, ndife obwera."

"Ndikungofuna kudziwa mmene kukuzizirira kumwambako," anatero bambo.

Tsiku loulutsa chibalunicho kunali mitambo yofiirira yopanda mvula. Bambo anamangirira kachipangizo koyezera kutentha, nayatsa nsanza zoviika m'parafini m'chitini. Chinthucho chinafufuma pang'onopang'ono ngati chikupuma. Anandipatsa chingwe kuti ndigwire, iwo akuchikankhira m'mwamba. Chinapitirira mawaya a magetsi. Kenaka kunabwera mphepo yotentha, chingwe chinandicheka chikhatho, ndipo ndinachitaya.

Chibaluni chija chinapendekeka n'kumayenda pamwamba pa madenga chikudontha moto. Anthu a mumsewu wonse ankachiyang'ana, azimayi atagwira pakamwa. Chinakagwera m'udzu wa kunjanji. Amuna anathamangirako ndi nthambi, bambo ali patsogolo, ndipo moto unazima utatsala pang'ono kufika pampanda wa nyumba yoyamba. Anabwerako mikono itatuluka matuza. Asanadzithire ngakhale madzi, anandikhazika pakhonde n'kundimanga bala langa, osandiyang'ana kumaso.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti anandikwiyira chifukwa ndinawatayira ntchito yawo yaikulu. Lero ndili ndi mwana wamkazi wa msinkhu womwewo, ndipo ndikagwira dzanja lake laling'ono ndimazindikira kuti sunali mkwiyo ayi. Anali manyazi a bambo amene anagwiritsa mwana chingwe cha moto.