Chiganizo cha Wilibala

Nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi, boma linanditumiza kuchigwa cha Nkhamanga, pa sekondale ina yoyendera. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo Chitumbuka ndinali nditangotolako moni ndi "yewo" basi. Anandipatsa Chingerezi cha Fomu 3.

Tsiku limenelo linali la ntchito zamanja. Ana anabwera ndi makasu, n'kuwatsamiritsa kukhoma lakumbuyo kwa kalasi podikira kukalambula bwalo masana. Ine ndinali ndi phunziro la mawu awiri, "so" ndi "that", amene amagwirira limodzi ponena kuti chinthu chanyanya mpaka chayambitsa china. Ndinalemba chitsanzo changa pabolodi: "The tea is so hot that I cannot drink it." Ndinawamasulira kuti tiyi watentha kwambiri moti sindingathe kumwa. Kenako ndinati aliyense apange chake.

Mtsikana wina anati msewu wa ku Khondowe ndi wokwera kwambiri moti malole amachita kukwawa. Wina ananena za dzuwa. Ndiye anakweza mkono mnyamata wa pabenchi lakutsogolo, mwana wa akalaliki a kuchipatala. Banja lawo linali la anthu ophunzira kumishoni kuyambira agogo ake, ndipo Chingerezi chinkangoterera pakamwa pake. Vuto lake anali wamwano, wokonda kuseketsa anzake ndi zilonda za ena.

Anaimirira, nakonza kolala, naloza ndi milomo kumbuyo kwa kalasi.

"His father was so drunk that they carried him home in a wheelbarrow."

Kalasi yonse inaphulika. Ine sindinkadziwa kuti Loweruka lapitalo bambo wina, atalandira za fodya, anagwa chiledzerere pamsika, ndipo mwana wake anachita kubwereka wilibala n'kumukankha mpaka kunyumba anthu akukuwiza. Ndinangomva chiganizo chopanda chilema. Ndinati "very good," n'kutembenuka kuti ndichilembe pabolodi.

Mwana wa bamboyo anali mnyamata wamtali wa pabenchi lomalizira, wamkulu kuposa onse m'kalasimo, wa zikhatho zakuda ndi phula la fodya. Sankalankhulalankhula, ndipo Chingerezi chinkamuvuta. Poyamba naye anamwetulira, poona kuti anzake akuseka. Kenako amene anakhala naye pafupi anamunong'oneza m'Chitumbuka tanthauzo lake.

Choko chili m'manja, ndinamva kuseka kukuzima. Nditacheuka ndinamuona akubwera pakati pa mabenchi, osathamanga, khasu lili m'manja.

"Iwe, ika pansi!" ndinakuwa.

Sanandione n'komwe. Wamwano uja anali akadaimirira, mano ali pamtunda. Khasu linatsika ndi mbali yake yobuntha, osati yakuthwa, ndipo linamupeza patsaya. Phokoso lake linali ngati la dzungu logwa pasimenti. Mnyamatayo anagwera pabenchi, benchilo n'kugubuduka naye. Atsikana anayamba kulira, ena kutulukira pamawindo. Wamtali uja anakwezanso khasu. Ulendo uno linaphonya mutu n'kung'amba thabwa la desiki.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndimangokumbukira kuti ndinapezeka ndili pakati pawo, mkono wanga wamanzere uli m'mwamba. Mpini unandimenya pakati pa chigongono ndi dzanja. Ndinamva kuti thyo, ndipo dzanjalo linalendewera ngati si langa. Ululu unabwera pambuyo. Ndinakhala pansi pambali pa wovulala uja, amene ankalavula magazi ndi zidutswa za mano, maso atatembenuka.

Aphunzitsi a masamu analowa ndi anyamata ena, n'kumugwetsa wamtaliyo pansi. Pamenepo anzake a wovulala anamuunjikira. Anamuponda kumutu, m'nthiti, pamimba, wina akumumenya ndi mwendo wa benchi. Iye sanabwezere. Ankangobwereza mawu amodzi, "Adada ŵane, adada ŵane," kutanthauza bambo anga, mpaka aphunzitsi aakulu anafika ndi ndodo n'kubalalitsa gululo.

Anatitengera kuchipatala chaching'ono panjinga zamoto, ndipo kumeneko anatitumiza kuboma. Ine anandimanga pulasitala n'kubwerako. Womenyedwa ndi khasu uja anatsala, chibwano chitathyoka. Mayi ake anandipeza pakhonde la chipatala, mayi waulemu wake wa mvano, ndipo anandifunsa mofatsa, "Madamu, inu munali kuti?" Ndinangowaonetsa mkono.

Mkati mwa sabata yomweyo aphunzitsi aakulu anaitanitsa makolo. Wamtali uja apolisi anali atamutulutsa kuti akaonekere tsiku lina, ndipo anabwera ndi bambo ake. Ndinayembekeza chimunthu choopsa, koma anali kabambo kakafupi, kowonda, katavala jekete lochapa bwino ndi nsapato za matayala. Sanamwe tsiku limenelo. Anatipatsa moni mmodzimmodzi, atagwira chigongono. Atafika pa ine anayang'ana pulasitala.

"Asambizgi, ndi mwana wanga wachita izi?" anafunsa, kunditcha mphunzitsi m'Chitumbuka.

Ndinavomera. Sanadikire kuti tilowe muofesi. Anapita pamene panali njinga yawo, namasula chingwe cha mphira chomangira katundu, nachipinda pawiri. Anayamba kumukwapula mwanayo pabwalo pomwepo, ana asukulu akusuzumira m'mawindo. Ankachita kudumpha kuti afikire kumaso. Chingwecho chinamung'amba chikope ndi khutu, malaya oyera n'kuyamba kufiira paphewa. Mnyamatayo akanatha kuwanyamula bambo akewo ndi dzanja limodzi, koma anaima manja ali kumbuyo. Aphunzitsi aakulu atawagwira mkono, bambowo anawakankha. Anasiya okha mpweya utawathera.

"Ndakulipirira sukulu kuti uzipha anthu?" anatero m'Chichewa, kuti nafe timve. "Anakulakwira chiyani mnzakoyo? Yankha!"

Kenako bambowo anatembenukira kwa ife.

"Wakana kunena kunyumba, wakana kunena kupolisi. Nanga inu aphunzitsi, anati chiyani mwana wa anzathuyo?"

Aphunzitsi aakulu anatsokomola, nayang'ana ine. "Madamu, munali momwemo ndinu."

"Chinali chiganizo cha Chingerezi, bambo," ndinatero. "Timaphunzira."

"Chingerezi sindichimva. Ndiuzeni m'Chichewa."

Mnyamatayo anandiyang'ana koyamba chichitikireni zija, napukusa mutu pang'ono, kundipempha. Koma bambowo anali ataima pamaso panga, chingwe chikadali m'manja, ndipo bodza silinabwere. Ndinawauza kuti anati bambo ake analedzera kwambiri moti anawanyamula pawilibala.

Bambowo anayang'ana mwana wawo, magazi akudontha kuchibwano, kenako anayang'ana mawindo odzaza nkhope za ana. Anapinda chingwe chija bwinobwino, nachimangirira pakaliyala ya njinga. Sanalowenso muofesi. Anakankha njingayo wapansi mpaka kukatulukira pamsewu, mwana wawo akuwatsata chapatali.

Mnyamatayo anachotsedwa sukulu. Mlandu unatha pokambirana, banja lake litapereka ng'ombe yawo yolimira. Wovulala uja anachira, koma chibwano chinakhota, ndipo makolo ake anamusamutsira kusukulu yogonera konko. Ndinamva kuti sankakwezanso mkono m'kalasi.

Pulasitala isanachoke, Loweruka lina m'mawa ndinali kuseri kwa nyumba ndikulimbana ndi zochapa ndi dzanja limodzi. Kunafika mayi wina atanyamula nkhuku yomanga miyendo. Diso lake limodzi linali lotupa, lotsekeka. Anagwada chapatali, nati ndi mayi wake wa wamtali uja. Chichewa chake chinali chochepa ngati Chitumbuka changa, koma ndinamva zoti mwanayo wapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya kutali, ndi zoti amuna awo kuyambira tsiku lija akumwa kuposa kale.

Ndinaloza diso lawo. Anangoseka pang'ono, nati anagunda chitseko.

Nkhuku ija ndinayesa kuikana, koma anaiika pakhonde. Kenako anandilanda beseni, nakwinya chitenje, nayamba kuchapa. Anachapa zonse, ndi zofunda zomwe, nazitsukuluza, naziyanika pachingwe. Ndinawapangira tiyi, ndipo tinamwa titakhala pamkeka. Dzuwa litakwera anati akaone mbuzi, ndipo ndinawaperekeza mpaka pamsewu.