Akasinja a Miyala pa Bwalo la Azakhali

Ndili Fomu 4, aphunzitsi a mbiri yakale adatigawira ntchito. Aliyense atsate ulendo wa gulu limodzi la asilikali a pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, adzafotokoze Lolemba pamaso pa kalasi. Wofotokoza bwino adzapita ku mpikisano wa masukulu ku Zomba. Mpikisanowo ndinkaufuna ndi mtima wonse. Ine adandipatsa gulu la akasinja a ku Jeremani.

Buku la m'laibulale linali lopanda chikuto, koma ndidakopera zonse m'kope langa. Gululo lidalowa m'Poland, kenako m'France, kenako lidaloza ku Russia. Kumeneko akasinja adatitimira m'matope, mafuta adauma ndi chisanu, ena adayaka anthu ali m'kati. Otsala adabwezedwa kwawo, adapatsidwa akasinja atsopano ndi anyamata atsopano, n'kutumizidwanso. Pa tsamba lililonse panali mawu akuti mudzi wakuti udalandidwa.

Nthawi imeneyo ndinkakhala kwa azakhali anga, alongo awo a bambo, kwa Malemia. Adabwera kuchokera ku Mozambique ali mtsikana, kuthawa nkhondo, koma za kumeneko sankazikamba.

Ine mutu wanga sugwira chinthu ndisanachione ndi maso. Choncho Loweruka masana ndidaitana mnzanga wa m'kalasi, tidajambula mapu pabwalo ndi kamtengo. Miyala yosalala ya mumtsinje wa Domasi idakhala akasinja. Zitsononkho tidaziimika m'magulu kuti zikhale midzi. Ine ndinkawerenga m'kope, mnzanga n'kumakankha miyala.

"Mudzi wina walandidwa!" ndidafuula.

"Phwaa!" adatero iye, akuphwanya zitsononkho ndi mwala. "Achemwali, Ajeremani anuwa sadya kodi? Tafika kale ku Russia!"

Tidaseka mpaka misozi. Tidaphwanya midzi yonse, tidaimika ina, tidaphwanyanso.

Sindidaone pamene azakhali adatsitsa mtolo wa nkhuni. Ndidangomva khofi pa tsaya, lamphamvu moti ndidagwera pa mapu, mlomo n'kung'ambika. Adanditsomphola kope n'kuliponya pa mbaula pomwe pankapsa nyemba. Mnzanga adathawa, nsapato imodzi n'kutsala.

"Azakhali, ndi za mayeso!" ndidalira, ndikuvuula kope ndi manja. Theka lidali litapsa kale.

"Mayeso a kuseka maliro? Khala pansi, iwe."

Ndidakhala, magazi akudontha pa bulauzi. Iwo adatola mwala umodzi wa akasinja athu.

"Kasinja udamuonapo?"

"Pa chithunzi."

"Chithunzi sichinunkha. Ine ndidamuona ndili wamng'ono kuposa iwe. Kunali m'mawa, ndikusinja, bambo ako ali kumbuyo kwanga pa nsalu. Nthaka idayamba kunjenjemera, mtondo n'kugwa wokha. Kasinja adatulukira m'munda wa chinangwa. Sindidziwa anali a mbali iti, ndipo usandifunse. Mbuzi yomangidwa pa chikhomo adaiponda, idaphulika ngati dzungu. Mwamuna wina adakweza manja, adamuwombera pakamwa. Amayi anga adali m'nyumba, mwendo wotupa, osatha kuthamanga. Ndidawamva akundiitana. Chitsulocho sichidakhote. Chidakwera khoma, denga lidagwa, chidadutsa, n'kupitirira ulendo wake ngati palibe chachitika."

Ine kuyambira ndili mwana ndinkauzidwa kuti agogo adamwalira ndi matenda.

"Titabwerako kutchire," adapitiriza, "tidafukula ndi makasu. Dothi, udzu, mafupa, nsalu yawo, zonse pamodzi. Tidawolera m'lichero. Ndi zimene tidaika m'manda. Ndiye buku lakolo likuti chiyani pa malo ngati amenewo?"

"Likuti mudzi udalandidwa."

"Basi?"

"Basi."

Adalavula pambali. Kenako adagwada, adayamba kutola zidutswa za zitsononkho chimodzichimodzi, kuika m'lichero. Sadalole kuti ndisese ndi tsache. Ndidagwada nawo. Titatha adandipukuta mlomo ndi nsonga ya chitenje chawo, mosanyengerera, osapepesa.

Lamlungu titachoka ku tchalitchi ku Mishoni ndidayesa kuwerenga zotsala m'kope. Zaka zonse zidapsa, maina a akuluakulu a nkhondo adapsanso. Laibulale inali yotseka.

Lolemba ndidalowa m'kalasi ndi thumba la miyala ndi zitsononkho, mlomo wotupa. Anzanga adaseka.

"Wabwera kudzagulitsa nkhuni?" wina adafunsa.

Ndidajambula mapu pansi ndi choko, ndidaimika midzi, ndidayamba kuyendetsa mwala kuchokera ku Poland. Nditafika pa mudzi woyamba dzanja lidakana. Ndidati, "Muno munali munthu wodwala mwendo." Ndipo ndidafotokoza chimene kasinja amachita ndi khoma, ndi mbuzi, ndi munthu. Kuseka kudatha. Pa mudzi uliwonse ndinkaima, moti belu lidalira gulu langa lisanafike n'komwe ku Russia.

Aphunzitsi adati ndalankhula zoona, koma oweruza ku Zomba amafuna zaka ndi maina, ndipo ine ndinalibe n'chimodzi chomwe. Adasankha mtsikana wina. Ndidalirira kuseri kwa kalasi.

Ndidawauza azakhali. Tsiku la msika adapita ku Songani, adabwerako ndi kope latsopano, lachikuto cholimba, n'kuliika pa miyendo yanga.

"Ajeremani akowo uwalembe kumapeto," adatero. "Tsamba loyamba ndi la amayi anga. Tenga cholembera. Anali aatali, okonda fodya wa m'mphuno, ndipo ankatukwana nkhuku ngati anthu."

Ndidalemba mpaka dzanja lidawawa, iwo akadalankhulabe.