Atate Agwa ku Munda Thukuta Litauma

Mwaswera bwanji nonse.

Atate agwa ku munda kwathu ku Mkaika lero masana, akusosa padzuwa lija. Nditawagwira, thupi linali lotentha ngati lata, koma louma gwa, lopanda ngakhale kadontho ka thukuta.

Tawathira madzi, tawakupiza ndi chitenje, kenaka tathamangira nawo ku kiliniki. Anesi atiuza kuti thukuta ndilo limaziziritsa thupi. Madzi akachepa m'thupi, thukuta limasiya kutuluka ndipo munthu amapsa m'kati.

Pano ali bwino, akumwa madzi pakhonde. Koma ayamba kale kuti, "Mawa ndikamalize ndime yanga."

Ine khasu lawo ndalibisa, ndipo saliona mpaka mvula itagwa. Amalume, inu amakumverani. Kodi ndalakwa?