Chigongono

Adzukulu anga awiri anabwerako kwa azakhali awo ku Cato Manor, kumene anakathera tchuthi cha m'chisanu cha 2008, ali ndi fungo la parafini ndi makhalidwe oti sindinawapatse ine. M'khosi muli bii, zikhadabo ngati amakumba mbewa. Wamkulu, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, analowa m'chipinda chathu ku Clermont osaodira, n'kungoti, "Sharp, gogo." Gogo! Ulemu wonse anausiya m'teksi.

Ana amenewa sankapita kusukulu. Kumeneko ankafuna mapepala, ndipo wofunsa mapepala lero, mawa auza mnzake, mkuja kwabwera munthu pakhomo. Choncho ndinkawaphunzitsa ndekha pamphasa, kuwerenga, masamu ndi Chichewa, wailesi ikulira Chizulu pawindo kuti mwininyumba asatimve. Mayi ameneyo ankakonda kusesa kuseri kwa windo langa, pamalo popanda ndi chinyalala chomwe.

Mwana wanga, mayi wa anawo, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Durban North, ndipo nzeru za abwana ake ankabwera nazo m'jumbo limodzi ndi buledi wotsala.

"Amayi, musawayambe ndi ukali. Adona akuti ana akachoka kutchuthi uziyamba nawo pang'onopang'ono, ndi timasewera."

"Ana a adona akowo m'khosi mwawo mumamera bowa chonchi?"

"Eish, amayi."

"Eish ndiye ndani? Ndinabereka eish ine?"

Komabe ndinachita zake zomwezo. Tsiku loyamba tinangokhulana m'khosi ndi kuwenga zikhadabo. Mawa lake ndinayambitsa masewera a ziwalo: ine ndikaloza, iwo atchule. Mphuno anadziwa. Khutu anadziwa. Pa bondo wamng'ono anayamba wayang'ana kudenga. Nditagwira chigongono, onse awiri anakuwa pamodzi, "Indololwane!"

Anatchula Chizulucho mosalala, lilime likuchita kugubuduka.

"N'chiyani chimenecho? Mwameza chule?"

"Anatiphunzitsa azakhali," anatero wamkulu. "M'mawa uliwonse. Ukalakwitsa, tiyi palibe."

Azakhali awowo sindinawakhulupirirepo chiyambire. Munthu woseka ndi aliyense amagulitsa nkhani za m'nyumba osadziwa kuti wagulitsa.

"Kukuphunzitsani za chiyani?"

"Akuti anthu aja akakuimitsa panjira amakugwira apa, n'kufunsa dzina lake m'Chizulu. Ukalephera, adziwa kuti ndiwe wobwera."

Anthu ajawo sanafunike kundifotokozera. Miyezi ingapo m'mbuyomo alendo ankathamangitsidwa, ena kuotcheredwa zisakasa, ife tikugona nsapato zili kuphazi. Ndinkaganiza kuti anawa ndinawabisira zimenezo. Kani wina wazisandutsa phunziro la pa tiyi.

"Tatchulani inuyo, agogo," anatero wamng'ono.

Ndinayesa. "Indo... indololani."

Anagubuduka pamphasa ndi chiseko. "Akanakugwirani! Agogo akanakugwirani!" Wamng'onoyo ankawomba m'manja ngati tikuchita chibisalirano. Litsiro la m'khosi limachoka ndi sopo, koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kusekerera chinthu chotere, umamusambitsa ndi chiyani? Ndinanyansidwa ndi azakhali awo, ndi mwininyumba amene tsache lake linali litasiya kulira, ndi tauni yonse yoyesa munthu ndi fupa la pamkono.

Mawu athu a Chichewa a chiwalocho anali atafika kale pamilomo panga, ndipo ntchito yanga pamphasa paja inali yomweyo, kuwabwezera mawu amene anataya. Koma ndinalingalira. Mwana wodziwa mayina awiri, chimunthu chitamugwira mkono, mantha atamukwera kumutu, lidzatuluka dzina liti? Munthu akadzidzimuka amakuwa m'chinenero cha kwawo. Ndinaonapo zimenezo pamsika, mayi wovala ngati wakonkuno atapsa ndi mafuta n'kukuwa kuti mayo.

"Nanga m'Chichewa amati chiyani, agogo?" anafunsa wamkulu, atagwirabe chigongono chake.

Ndinakweza wailesi pang'ono.

"Kwathu chimenecho chilibe dzina. Tsitsa mkonowo. Ichi n'chiyani?"

"Phewa."

"Ndi ichi?"