Mabatire Padzuwa

Ndikukumbukira sabata imene ndinatsala pang'ono kuchotsedwa m'kwaya ya ana kutchalitchi kwathu ku Kande. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mawu ndinali nawo, koma kudikira kunkandikanika. Nyimbo ikafika popumira, ine ndinkalowa ndekha anzanga asanakoke n'komwe mpweya. A Longwe, amene ankatiphunzitsa kuimba, anandichenjeza kuti ndikadzabwerezanso Lamlungu, ndizidzakhala pamkeka ndi makanda.

Sabata yomweyo amayi, omwe ankachapa zovala pa loji ina, anabwera ndi kaseti. Anawapatsa ndi mlendo wa ku Ukraine, mayi wophunzitsa nyimbo, atawamva akung'ung'udza nyimbo ya m'buku pochapa. Tinaiika mu wailesi ya bambo, tonse titakonzeka kuvina. Munatuluka mawu a kwaya, otsika, oyenda pang'onopang'ono ngati bwato lopanda wopalasa. Kenaka zii. Piyano inalira kamodzi, n'kukhalanso zii.

"Mabatire atha," anatero bambo.

Tinawayanika padzuwa pambali pa chinangwa monga tinkachitira nthawi zonse, bambo n'kuwalumako pang'ono kuti mphamvu idzuke. Sizinasinthe. Tinabwereka a m'tochi ya aneba, chimodzimodzi.

"Iwe, kabweze kasetiyi kwa mlendoyo," anatero bambo. "Ukanene mwaulemu kuti yawonongeka. Mwina sakudziwa."

Ndinawapeza mayi a ku Ukraine aja pakhonde la loji, ndipo a Banda, ophika a ku Dedza, ndi amene anatimasulirira. Atamva za mabatire padzuwa, mayiwo anaseka mpaka misozi. A Banda nawo anagwira m'mimba. "Atonga inu! Mukanayanikanso wailesi yomwe!"

Kenaka mayiwo anaika kasetiyo mu kawailesi kawo, anandiveka timahedifoni tawo m'makutu n'kundikhazika pansi. Anati amene anapeka nyimbozo ndi anthu akwawo, ena akadali moyo, amene anakulira m'zaka zimene kupemphera poyera kunali koopsa. Pamene pali zii sipanawonongeke ayi. Anapasiya dala, kuti womvera aikepo pemphero lake.

Ndinamvetsera chifukwa cha manyazi chabe. Koma pa zii wachitatu ndinamva chinthu: oimbawo anali pompo, akukoka mpweya pamodzi ngati munthu mmodzi. Panalibe wothamanga. Mawu atabwerera, tsitsi linandiimirira.

Lamlungu, nyimbo itafika popumira, lilime linandiyabwa monga mwa masiku onse. Ndinatsina ntchafu yanga n'kumvetsera mpweya wa anzanga. Tinalowa limodzi. A Longwe anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo titaweruka anandifunsa ngati ndikudwala.

Kasetiyo mayi aja anandiuza kuti ndibwerere nayo. Bambo mpaka kumwalira kwawo ankanenabe kuti ikanakoma ikanakhala ndi ng'oma.

Ndinaimba m'kwaya zaka zambiri, ndipo mkazi wanga ndinamupeza momwemo, pamzere wa kutsogolo. Iye ankaikonda kasetiyo pochisa zovala Loweruka, akumanena kuti ndi nyimbo yokhayo imene imamulola kumaliza maganizo ake. Chimwalirire iye, anthu amandifunsa ngati nyumba siindikulira. Ndimawathokoza, chifukwa amafunsa mwachikondi. Koma ndinaphunzira ndili mwana kuti pakakhala zii sindiye kuti nyimbo yatha. Ndimakhala pansi, ndimaikapo pemphero langa, ndipo sindithamangiranso kukayanika mabatire.