Njoka Ayilemba Dzina la Kwathu

Moni nonse. Mumve kwa ine musanamve kwa ena: mwana wanga Tadala amaweta njoka kunja kuno, ku Mulhuddart. Ndinkakubisirani.

Yatuluka zilonda m'kamwa, mafinya okhaokha, yasiya kudya. Mwana akungolira. Ma vet apafupi, madokotala a ziweto, akuti saona njoka, ndiye lero ndainyamula mu pilokesi, pa basi mpaka kuchipatala cha ziweto m'tauni.

Kumeneko ziweto amazilemba ndi dzina la banja, ndipo njokayi Tadala anaitcha Noodle. Nesi anangofuula, "Noodle Chirwa!" Ndikuimirira, maso anga pa Mayi Zulu a kukwaya kwathu, atanyamula kagalu ka abwana awo. Anasuzumira mu pilokesimo n'kufunsa, "Bambo Chirwa, ndi yanu?"

Ndinangoti, "Ndi ya mwana." Manyazi ake!

Adokotala aitsuka m'kamwa, atipatsa mankhwala, akuti ichira. Koma Mayi Zulu sasunga nkhani. Ndani akawafotokozere Amayi kumudziko kuti si zaufiti? Dzina anafuula lija ndi la malemu Bambo.